Njerwa za nyumba yanga zinamanga chiliza

Ndaphunzitsa ana a eni zaka zambiri, ndipo zaka zonsezo ndagona m'nyumba za sukulu. Nyumba ya sukulu imakoma ukadali ndi mphamvu. Ukayamba kuwerenga zaka zotsala kuti upume pa ntchito, umazindikira kuti ngakhale msomali wopachikapo jekete si wako. Ine zitanditsalira zinayi, tulo tinayamba kundithawa.

Kwathu ndi ku Nazombe, koma ndinakwatira kumudzi wina wa m'chigwa, kufupi ndi Migowi. Mwa mwambo wathu mwamuna amamanga kwa mkazi, choncho za malo sindinade nazo nkhawa. Amalume a mkazi wanga, omwe anali mwini mbumba, anandilozera okha malo kuseri kwa munda wa nandolo. Anayeza ndi mapazi kuchokera pachulu mpaka pamtengo wa mango, n'kunena kuti ndimange mmene ndingafunire. Anali munthu wanthabwala, ankanditcha aphunzitsi opanda khomo, ine n'kumaseka nawo ngakhale zinkandilasa.

Mnzanga wina wa kuntchito anali atamanga nyumba yake ndi ngongole ya kubanki zaka zingapo m'mbuyomo. Ndinati nanenso nditero. Koma ndinaganiza monga timaganizira kumudzi, kuti munthu amakusenzetsa mtolo akaona wayamba kale kuunyamula. Kupita kukapempha ndili chimanjamanja ndinaona ngati n'chipongwe. Ndinaumbitsa njerwa, ndinagula nkhuni, tinawotcha uvuni. Ndalama ya nandolo wa mkazi wanga inathera kwa mmisiri. Simenti tinaika pamaziko pokha, khoma lonse tinamangira dothi, poti nanga denga silimabwera mvula isanagwe? Pofika Seputembala makoma anali atapitirira mazenera. Ndinawajambula mbali zonse ndi foni, ndinasita malaya, ulendo wa ku Limbe.

Mtsikana amene anandilandira kubanki anali waulemu kwambiri, msinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa. Zithunzi zanga anaziyang'ana, anayamikiranso kuti makoma ndi owongoka. Kenako anafunsa chikalata cha malo. Ndinamufotokozera za chulu ndi mtengo wa mango, ndipo ndikulankhula choncho ndinadzimva ndekha kupusa kwanga. Iye anati banki imafuna malo olembetsedwa kuboma, okhala ndi dzina la wokongolayo, kuti akhale chikole. Anawonjeza motsitsa mawu kuti masiku ano ngongole za nyumba akuvomereza zochepa, chiwongoladzanja chakwera, ndipo ngakhale a mapepala okwanira ambiri akubwezedwa. Mawu achiwiriwo sindinawasunge. Ndinangotola akuti chikalata, n'kubwerera nawo kumudzi ngati ndapeza mankhwala.

Kwa amalume ndinapita ndi mkazi wanga, titanyamula shuga. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa funso limodzi.

“Mukalephera kubweza, abankiwo adzatenga chiyani?”

Ndinayankha kuti sindingalephere, malipiro anga amabwera mwezi ndi mwezi.

“Sindinafunse za malipiro, aphunzitsi. Adzatenga dothi. Dothi limeneli ndi la alongo anga ndi ana awo aakazi, ena sanabadwe n'komwe. Ine ndine mlonda chabe. Nyumba mangani, koma dzina la mkamwini papepala la malo a mbumba, dzanja langa silingalembe.”

Ndinakwiya, ndisaname. Zaka zonse ndalima minda yawo, ndanyamula maliro awo, ana a alamu anga ndawagulira makope, lero ndine mlendo. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ndinkadziwa kuti akunena zoona. Kwathu ku Nazombe ndine mwini mbumba inenso, ndipo mwamuna wa mlongo wanga akanabwera ndi pempho lotere ndikanamuyankha mawu omwewo, mwina mopanda ulemu umene anandipatsa iwo. Tikulowa m'nyumba mkazi wanga anangoti fodya wako ndi amene ali pamphuno, n'kupita kukachapa.

Ndinayesa kusonkhanitsa ya malata pang'onopang'ono. Ndikasunga ya malata khumi, pofika kusitolo inkakwana asanu ndi limodzi. Mvula yoyamba tinafunditsa makoma ndi mapepala apulasitiki, mphepo ya m'phiri inawang'amba sabata yomweyo. Chaka chachiwiri kunabwera mvula ija yosakata masiku, madzi anatsika m'phiri ndi miyala, anthu anataya nyumba zomwe ankagonamo. Ine ndikanadandaula bwanji za nyumba yopanda denga? Khoma la kuchipinda chathu linagwera mkati, lina linang'aluka kuchokera pazenera mpaka pansi. Ndinatola njerwa zamoyo n'kuziunjika pakona.

Ndinabwererako kubanki kamodzi, nditamva kuti ena amakongola pongoonetsa pepala la malipiro. Mtsikana uja anali atachoka. Amene ndinamupeza anawerenga zaka zanga zotsala pa ntchito, n'kunena kuti ngongole imene angandipatse singafolere ngakhale theka. Mnzanga wa kuntchito uja amati iye anapita nthawi yabwino, khomo limenelo linatsekeka, ndipo sakuona kuti lidzatsegukanso ife tili moyo.

Amalume anamwalira chaka chatha. Itakwana nthawi yomanga chiliza, azimayi a mbumba anakhala pansi, ndalama ya njerwa inasowa. Apongozi anga anandiyang'ana mwamanyazi, n'kunena kuti paja pali zija zangokhala kuseri kwa nandolo. Mkamwini sakana zotere. Ndinabwereka wilibala, ndinatuta ndekha maulendo asanu ndi awiri kupita kumanda. Mmisiri anali yemwe uja anamanga makoma anga, ndipo nthawi ino simenti inapezeka yokwanira.

Chilizacho chinatuluka bwino, chowongoka, chopaka laimu. Pa njerwa zonse zimene ndinawotcha, chimenecho chokha ndiye chinamangidwa mpaka kutha. Mwezi watha ahedi anandibweretsera kalata yakuti zaka zanga zakwana, m'nyumba ya sukulu ndituluke teremu ino ikatha, mphunzitsi watsopano akubwera ndi banja. Apongozi ati tikakhale kaye m'khitchini mwawo, achotsamo nkhuku.