Nkhope Yakugwa

Linali Loweruka loyamba la mwezi wa Juni, chaka chimene ndinali Fomu 2. M'kope limene ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku, lomwe ndikusungabe, ndinalemba kuti ndinkachapa yunifolomu kuseri kwa nyumba yathu ya lendi ku Chigumula, madzi akuluma zala, pamene asisi anafika atabereka chikwama cha laputopu. Anali mwana wa azakhali anga, ndipo ankaphunzira za makompyuta pa koleji ina m'tauni.

Apa n'kuti patatha miyezi itatu ababa chidwalireni sitiroko. Asanadwale ankagwira ntchito m'sitolo yopikulitsa katundu ku Limbe. Anali munthu wa nthabwala. Akaweruka ankapinda pakamwa ndi kutsinzina diso limodzi, kutsanzira bwana wawo, kuti ine ndiseke, poti ndinali mwana wosalankhulalankhula.

Tsiku limene ababa anadwala, amayi anali kumsika, m'nyumba tinalimo awiri. Ababa anakhala pampando, pakamwa patapindika, diso litagwa. Ine ndinaseka. Ndinati, "Ababa, lero ndiye mwamutha bwana uja," n'kupita kukatsuka mbale. Pobwerako ndinawapeza ali pansi. Kuchipatala adokotala anafunsa amayi kuti zinayamba nthawi yanji, n'kunena kuti matendawa safuna kuchedwa nawo. Sindinauze aliyense kuti ndinaseka. Ndinangolemba m'kope muja.

Anatuluka m'chipatala osalankhula, mbali ya kumanja ya nkhope itafooka. Azimayi a kutchalitchi akabwera kudzazonda ankanong'onezana potuluka kuti bambowa akudandaula, taonani nkhope yakugwayo. Amayi ankawayankha kuti yagwa ndi matenda, osati ndi chisoni, koma iwonso sankadziwa. Ine ndinkawapatsira ababa chakudya nditagwada, maso ali pansi, monga anatilerera. Alendo ankanditama kuti ndili ndi ulemu. Koma ine ndinkaopa kuona zimene nkhopeyo inkanena za ine.

Loweruka lija asisi anayala katundu wawo patebulo: laputopu, kabokosi kakang'ono, ndi timawaya tokhala ndi tomatira tozungulira ngati mabatani a malaya.

"Tsono kamakina kakoka kamalosera?" anafunsa amayi.

"Sikalosera, anti. Munthu akamwetulira pali minofu ya kumaso imene imakoka, akakwiya imakoka ina. Timawayati timamva kukokako. Ndinamata anzanga a m'kalasi, aliyense n'kumwetulira, kukwiya, kudabwa, kuchita ngati akulira, ine n'kumaiuza kompyuta kuti uku n'kwakuti, uku n'kwakuti. Inazolowera, pano imatchula yokha. Mwina ingatithandize kumva amalume."

"Ndiye uifunse chimene akukanira phala langa."

Anayamba kuyesera pa ine. "Iwe wamanyazi, tabwera." Anandimata pamphumi ndi m'masaya, timawayato tikuzizira, n'kundiuza kuti ndimwetulire. Ndinamwetulira. Pa laputopu panayenda timizere tokwera ndi kutsika, kenako panatuluka liwu la Chingerezi lotanthauza wokondwa. Amayi anaomba m'manja.

Kenako tinalowa kuchipinda. Asisi anapereka moni atagwada, n'kuwafotokozera ababa zonse bwinobwino, ngati kuti ayankha. Amayi anawapukuta kumaso ndi kansalu konyowa kuti tomatira tigwire. Pamene amayi ankalankhula nawo, kompyuta inkasinthasintha, pena wachisoni, pena osalemba kanthu.

"Taima apa akuone," asisi anandiuza.

Ndinaima kumiyendo kwa bedi, maso anga ali pa laputopu. Ndinamva ababa akutulutsa mawu kukhosi, aja osamveka aja. Timizere tinadumpha. Liwu linatuluka, ndipo sindinafunikire wondimasulira: wokwiya.

Asisi anati waya wina wasomphoka, anakonzanso. Anandituma panja, anandiitananso. Wokwiya. Kachitatu chimodzimodzi.

"Iwe, wawalakwira chiyani bambo ako?" anatero amayi akuseka. "Kapena wawadyera nyama?"

Ndinatuluka kukayanika yunifolomu ija. Siketi inagwera m'dothi, ndinaichapanso.

Cha m'ma folo koloko amayi anandituma kuperekeza asisi ku siteji. Tinadutsa m'timinda ta anthu, mapesi ataunjikidwa, mphepo ya chiperoni ikuwomba. Titayandikira msewu wa tala m'pamene ndinafunsa.

"Asisi, kompyuta imanama?"

"Siinama, komanso sidziwa kanthu. Imangobwereza zimene inaphunzitsidwa." Anaima n'kundiyang'ana. "Anzanga onse aja nkhope zawo zimayenda mbali zonse ziwiri. Ya amalume ikuyenda mbali imodzi. Yotero sinaionepo, ndiye ikungotola chimene chikufananako."

"Ndiye sanakwiye?"

"Sindikudziwa, mng'ono wanga. Mwina akwiyadi. Mwina amafuna kukusekera. Ndikakuuza kuti ndikudziwa ndikhala ndikukunamiza."

Ndinkafuna andinamize.

"Pakufunika munthu woidziwa nkhope yawo ya panopa," anapitiriza, "azikhala nawo, aziiuza kompyuta kuti apa akutanthauza chakuti. Ikhoza kuphunzira kwa ameneyo. Iweyo si umakhala nawo tsiku lililonse?"

"Ine sindiwayang'ana."

Asisi anatsegula pakamwa kuti afunse, koma minibasi inali itaima kale, kondakitala akuitanira a ku Limbe, atagwira kale chikwama chawo. Anakwera. Sanabwerenso ndi timawaya tija, chifukwa kabokosi kanali ka kukoleji ndipo anakabweza. Ababa nawonso sanadzalankhulenso.

Nditabwerera kunyumba ndinakhala pakhonde ndi kope langa kusanade. Ndinalemba zonse mwandondomeko, ndipo nditafika pamene anandimata ine, cholembera chinaima. Kompyuta ija inati ndine wokondwa. Ine ndinamwetulira chifukwa wamkulu anandiuza kuti nditero, ndipo pa miyezi itatu yonseyo sindinakondwepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ngati inalephera pa ine wa nkhope yabwinobwino, ikanathanso kulephera pa ababa. Koma sindinapepukidwe. Iwo anandiona ndikuseka tsiku lija. Anandiona ndikutembenuka ndi mbale m'manja. Zimenezo sizinkafuna waya.

Kuchipinda amayi ankawanyengerera kuti ameze phala, supuni ikugunda m'mbale. Mizere yomaliza ya tsikulo ndinailemba mosindikiza kwambiri moti inaonekera mpaka tsamba lotsatira:

Mawa amayi akapita kutchalitchi ndidzatsala ndine. Sindidzagwada. Ndidzakhala pampando pafupi ndi mutu wa bedi, mbali ya kumanzere imene imayenda, ndiwauze kuti ndinkayesa akusewera. Ndikatha kunena sindidzagwetsa maso mpaka nkhope yawo itamaliza kundiyankha.