Thiraki Anaikwera ndi Mkazi Wanga

Ndinayendetsa minibasi ya Chelstone kupita m'tauni mpaka msana unayamba kundiwawa. Pa Great East Road mathiraki ankandidutsa tsiku lililonse, ataliatali, olunjika ku Chipata, ndipo ine ndinkawayang'ana ngati mwana woyang'ana nyama ili m'mbale ya mlendo. Ndinkafuna kuchoka pa ntchito yolimbirana anthu pasiteji.

Mkazi wanga ankagulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale, pamsika wa Chelstone. Kuyendetsa galimoto ndinamuphunzitsa ndine, Lamlungu tikachoka ku tchalitchi, pabwalo la mpira. Ndinkangofuna kuti ndikadwala azitha kubweza basi kwa mwini wake.

Anzanga anandiuza za makampani awiri a mathiraki. Ina inali ku mafakitale: inkaphunzitsa anthu n'kumawalipira akuphunzira, koma umayenera kukhala zaka ziwiri osachoka, ndipo poyamba umakhala pambali pa dalaivala wakale. Inayo inali ya bwana wina wa ku Kabulonga, amene ankati ukabwera ndi laisensi ya mathiraki, mawa lake uli pachiwongolero.

Tinayamba ndi ya ku mafakitale. Mkazi wanga anandiperekeza chifukwa tsiku lomwelo ankakaoda mabelo a zovala m'tauni. Mayi wa mu ofesi anandifotokozera zonse, ine mtima uli kale kwina. Munthu wa imvi za pamsewu, ndikakhale ngati mwana wa sukulu? Tikutuluka, mayi uja anayang'ana mkazi wanga.

"Nanga imwe amayi, mumayendetsa?"

"Pang'ono chabe. Laisensi nili nayo."

"Tifuna na azimayi. Bwelani pa Monday."

Ndinaseka. Mkazi wanga sanaseke.

Madzulo tikudya anati, "Atate ake a mwana, ngati imwe simufuna, ine ndikayese."

"Kayeseni," ndinayankha, ndili ndi chikhulupiriro kuti sabata silitha asanabwerere ku salaula.

Ine ndinadzipezera ndekha laisensi ya mathiraki n'kupita kwa bwana wa ku Kabulonga. Mlonda anandiimika pageti mpaka dzuwa linandiwotcha m'khosi. Ntchito anandipatsadi, koma thiraki yake inali yokalamba, yokhala pa miyala kudikira zipangizo zochokera kunja. M'mawa uliwonse tinkakhala pansi pa mtengo pagalaja, madalaivala anayi, kumasewera nsolo. Itakonzedwa, ulendo umodzi wokha ndinayenda, wa ku Kafue, ndipo pobwera thirakiyo inandifera panjira. Mvula isanayambe ndinali nditabwerera kwa mwini minibasi, chipewa kumanja.

Nthawi imeneyo mkazi wanga ankabwera kunyumba atavala jekete yowala ija ndi nsapato zachitsulo kutsogolo. Nsapatozo ankazisiya pakhomo, pafupi ndi zanga zong'ambika, ndipo ndinkapeza chifukwa chozikankhira kuseri kwa chitseko. Ankafotokoza za mabuleki a mpweya, za mmene ngolo ya thiraki imakhotera kwina iwe ukakhotetsa kwina pobwerera m'mbuyo. Ankalankhula mosangalala, osati monyada, ndipo chimenecho ndiye chinkandipweteka kwambiri. Akanadzitama ndikanapeza pomuyambira.

Tsiku lina ndinamudula mawu. "Zimenezo ndimazidziwa kale."

Anangondiyang'ana, n'kutola mbale.

Pasiteji anzanga sanandisiye. "Shani ba dalaiva? Ba madamu ali ku Nakonde, imwe muli pa Chelstone?" Ndinkaseka nawo. Ngakhale amayi anga ku Kabwata, amene poyamba ankati mkazi wa munthu sagona m'misewu, anayamba kuuza anzawo a ku kwaya kuti mpongozi wawo amayendetsa chigalimoto cha matayala osawerengeka. Za mwana wawo wobereka sankatchula.

Mkazi wanga atamaliza maphunziro, anamupatsa ulendo wake woyamba ali yekha, wonyamula feteleza kupita ku Chipata. Anandiuza nthawi imene adzadutse. Ndinati ndidzakhala m'tauni. Koma nthawiyo itakwana ndinapezeka nditaima pasiteji ya pamsewu waukulu, basi itadzaza kale, anthu akudandaula kuti tinyamuke.

Thiraki inatulukira yoyera, yatsopano, ikuyenda mosapupuluma. Iye anali pamwamba, atamanga duku lake la ku msika, manja onse pachiwongolero. Anandiona, analiza hutala kawiri. Basi yonse inatembenuka.

"Ni mzimayi uja," anatero mayi wina kumbuyo. "Mwamuna wake ali na mwayi."

Ndinaika giya molakwika, basi inadumpha n'kuzima, anthu n'kuseka.

Anabwera patapita masiku angapo, atatopa, atanyamula thumba la mtedza ndi nkhuku yamoyo. Atasamba anakhala pafupi nane pakhonde.

"Akutenganso anthu mwezi wa mawa," anatero. "Ndafunsa. Zaka zanu si vuto."

"Ndiye mukhale bwana wanga?"

"Ndikhale mkazi wanu. Mabwana ali mu ofesi."

Itatha milungu iwiri ndinapita ku kampani ija. Mayi wa mu ofesi anandikumbukira. Anandiika pambali pa dalaivala wochepa kwa ine msinkhu, amene ankandiitana kuti ba mudala ndipo ankandibwerezetsa rivesi mpaka thukuta litatsika.

Lero tonse tili pamsewu. Mwana amakhala kwa agogo ake ku Kabwata tikachoka. Mkazi wanga amamupatsa maulendo a ku Dar es Salaam, ine a ku Ndola ndi Kitwe, poti ndine wam'mbuyo. Anyamata atsopano akamva kuti ndine mwamuna wake amandipatsa ulemu wowonjezera, ndipo ndimaulandira. Koma akayamba kusimba mmene iye amalowetsera ngolo pampata wopapatiza ulendo umodzi wokha, ndimanyamuka kukayang'ana matayala anga.