Satifiketi Yanga ya Kupempha

Ndinaganiza zochoka kwathu ku Utale tsiku lomwe zotsatira za mayeso zinatuluka ku koleji ya aphunzitsi. Dzina la Kasimu, mnzanga wa paubwana, linali pamwamba. Langa ndinalifunafuna mpaka pansi, ndinasuzumiranso kuseri kwa pepala, poti munthu suyenera kutaya mtima msanga. Akuluakulu a koleji anati ndikhoza kubwereza chaka. Ndinawathokoza mwaulemu, nkukakwera sitima pa Balaka kupita ku Halale. Kunyumba ndinanena kuti uphunzitsi wandichepera.

Ku Halale ndinapeza ntchito ya umesenjala pa ofesi ya bungwe lina losamalira ana amasiye. Bwana wanga anali dona wamtali, ndipo ntchito yake inali kupempha. Kwathu wopempha amakhala pansi pamtengo ndi kambale. Uyu ankapempha ali pagalimoto, ndipo eni mafakitale ankaimirira iye akamalowa. Pakhoma pake panali satifiketi. Ndinkaiwerenga m'mawa uliwonse poipukuta fumbi, mtima uli phee, chifukwa ndinali nditapeza maphunziro amene Kasimu sanawamvepo.

Ndinalembetsa sukulu ya pakalata yophunzitsa kupempha komweko. Theka la malipiro anga linkathera ku positi, lotsalalo ndinkadya ndi kutumizako pang'ono kwa amayi. Ndinkagona m'kachipinda ka kulokeshoni ndi anthu atatu a ku Mulanje, omwe ankasinthira ku Chilomwe akafuna kundinena. Lamlungu ndinkakhala pa siteshoni kuyang'ana otsika sitima, mwina ndione nkhope ya kwathu. Ndikaiona ndinkabisala, chifukwa kumudzi ndinali nditalemba kale kuti ndine wachiwiri kwa dona. Sikunali kunama kwenikweni. Mu ofesimo tinalimo awiri.

Amayi sadziwa kulemba, choncho wowalembera anali Kasimu. Nkhani zonse za kwathu zinkandipeza m'zilembo zake zokongolazo. Che Kasimu akhala ahedi a sukulu. Che Kasimu agula njinga. Che Kasimu akwatira Asiyatu, yemwe ndinkamunyamulira mabuku. Mpaka lero sindimvetsa kuti munthu angalembe bwanji yekha zimenezi nkumati ndi mawu a mayi wa mnzake.

Sukulu ya pakalata inandiphunzitsa mwadongosolo. Usataye nthawi pa malonje. Tchula chomwe ukufuna tiyi asanazizire. Koposa zonse, muuze woperekayo phindu lake: dzina lake pachikwangwani, poonekera anthu onse. Ndinakhoza, satifiketi inabwera ndi chidindo chofiira, ndipo ndinakwera sitima yobwerera ndili nayo pachifuwa ngati chithumwa.

Kwathu ndinapeza makolo ataumba njerwa ndi kumanga makalasi awiri pasukulu ya Kasimu, koma denga panalibe, mvula ili pafupi. Ndinamvanso kuti ku boma ku Kasupe akufuna munthu wa malipiro wopemphera thandizo sukulu zotere.

"Achimwene, mukatipezera malata, ine ndikakunenerani kuboma," anatero Kasimu. "Ntchito imeneyo ndi yanu."

Anandikweza panjinga yake ija kupita ku Liwonde kwa Che Haji Saidi, mwini malole onyamula thonje. Tinawapeza pamkeka pakhonde. Kasimu anayamba malonje: thonje la chaka chino, mwendo wa Che Haji womwe unkatupa, maliro a ku Chikweo. Ndinayang'ana tiyi wanga. Anali akuzizira.

"Ambuje," ndinalowerera, "tabwera kudzapempha malata a sukulu. Dzina lanu tidzalilemba pakhoma, zilembo zazikulu ngati ana a mbuzi, aliyense wodutsa pamsewu adziwe kuti ndinu."

Che Haji anatembenukira kwa Kasimu.

"Ameneyu ndi mwana wa ndani?"

"Wa Abiti Bwanali, ambuje. Anali ku Halale."

"Zikuoneka." Kenaka anandiyang'ana ine. "Mwanangu, ukufuna ndisinthanitse sadaka yanga ndi penti? Anthu akandiyamikiratu pamsewu, kwa Mulungu ndikalandira chiyani? Iyayi. Malata ndilibe."

Chopweteka nchakuti zimenezi ndinkazidziwa. Malume anga ankasiya dengu la chinangwa pakhomo pa namfedwa nkuchokapo asanaonedwe. Ndinalipira mapaundi anga kwa zaka zitatu kuti ndiiwale zimenezo, ndipo sukuluyo inagwira ntchito yake mokhulupirika.

Pobwerera, titafika pa Utale, Kasimu anandifunsa:

"Satifiketi ija munawaonetsa?"

"Sanandipatse mpata."

"Mwayi wanu umenewo, achimwene."

Sabata yotsatira anabwererako yekha. Akuti anakambirana za mwendo uja masana onse, ndipo potsanzika anangonena kuti mitambo yayamba kuda ndipo ana a kalasi yoyamba amadwala chifuwa msanga. Za malata sanatchule.

Lachisanu lake lole inaima pasukulu. Dalaivala anatsitsa malata ndi misomali yomwe, nkunena kuti sakudziwa amene wamutuma. Pachitseko cha loleyo panali dzina la Che Haji, lolembedwa ndi penti yoyera. Aphunzitsi, makolo ndi ana a sitandade faifi, omwe amawerenga bwinobwino, onse anaima pamenepo kufunsana kuti kodi munthu wachifundoyu angakhale ndani. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiwathandize. Amayi anandiponda phazi.

Tsopano ndimalemba mabelo a thonje pa Balaka. Ndikamadutsa pa Utale dengalo limandithobwa m'maso, ndipo mpaka lero palibe amene akudziwa mwini malatawo. Kwathu kuno wopereka amabisala, wopempha amakamba za mwendo, denga nkukwera.

Ntchito ya ku Kasupe ija anamupatsa Kasimu. Iye anaikana, ati zochita zamuchulukira. Akanailandira, mwina ndikanamukhululukira.