Ngolo ya Zochapa za Apongozi

Ine ndine mkamwini. Ndinakwatira m'mudzi wina kufupi ndi Ludzi, ndipo zaka zisanu ndi zinayi zoyambirira ndinakhala bwino kwambiri ndi apongozi anga aakazi chifukwa sitinkaonana. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira m'chimanga cha kumanja, ine cha kumanzere, moni n'kumapatsana mapesi ali pakati. Akafuna kundiuza kuti khola la mbuzi lathyoka, ankauza mwana wawo, ine ndili pomwepo ndikumva ndi makutu anga. Ulemu wake unali umenewo, ndipo kunena zoona unkandikomera. Anzanga amene ankacheza ndi apongozi awo ankatha n'kutumidwa.

Chaka chimene tinabereka mwana wachitatu, mavuto awiri anatigwera mwezi umodzi. Apongozi anadwala sitiroko, mbali ya kumanzere n'kufa, moti ankangokhala chigonere ndipo nthawi zina ankadziipitsira. Mkazi wanga naye anachira ndi opaleshoni, kuchipatala n'kumulamula kuti asasenze kanthu kolemera. Kuchapa atakhala pansi ankatha, pang'onopang'ono. Koma mjigo uli kutsidya kwa bwalo la mpira, ndipo beseni la mabulangete silimva za opaleshoni. Achemwali ake anakwatiwa ku Chipata, thandizo lawo linali moni wa pafoni.

Ndinayesa kutunga madzi panjinga kuti azichapira pakhomo, apongozi anakana. Sanafune kuti zinthu zawo zizichapidwa pamaso pa mkamwini ndi alendo odzazonda matenda. Kuti beseni ndinyamule ineyo, apo ndiye ayi. Mkamwini sagwira zovala za apongozi. Ngakhale zili pachingwe, timadutsa tikuyang'ana kumbali ngati taona ndege.

Tsiku lina mkazi wanga anasenza beseni mondibisira, bala n'kuyamba kutuluka magazi. Amayi ake anaona. Kuyambira pamenepo anayamba kukana madzi akumwa, phala ankangolawa. Ankati alibe ludzu. Tonse tinkadziwa kuti akufuna kuchepetsa zochapa. Patapita masiku ochepa milomo yawo inali itasweka, mawu akutuluka movutikira, ndipo ine ndinachita mantha.

Apa m'pamene ndinaganiza nzeru imene ndinkaiona ngati yoyenera kuulutsidwa pawailesi: bokosi la chivundikiro, lokhala ndi mawilo. Mkazi wanga aziikamo zovala, atseke, ine ndizikankha ngati sindikudziwa zimene zili m'katimo. Makolo analetsa kugwira ndi kuyang'ana, koma za mawilo sananenepo kanthu.

Vuto linali lakuti ukalipentala sindinkaudziwa. Luso langa linali lomanga zigafa za fodya, ntchito yongofuna mphanda, luzi ndi kusaopa kugwa. Ndinapita kwa mmisiri wina wachikulire amene timaimba naye kwaya. Anandibwereka sowo, hamala, pulena ndi sikweya, kachitsulo koonera ngati ngodya yawongoka. Sikweyayo ndinawasiyira. Ndinati maso ndili nawo awiri, ndipo onse ndi abwino.

Matabwa anali a mtengo wa malaina. Thabwa loyamba ndinalemba mzere ndi khala, sowo n'kuyamba bwino, koma pofika pakati inatenga njira yakeyake ngati ikupita kukagula shuga ku Zambia. Pulena ndiye inkangoluma thabwa n'kumalisiya lili zibowozibowo. Misomali inkang'amba m'mphepete monse. Nditabwerera kwa mmisiri uja ndi nkhope yakugwa, anandiuza kuti pulena imatsata kumene mtengo wagonera, ndipo msomali uyambe waumenya kunsonga kuti ubunthe, ukatero sung'amba. Sikweya ija anangondiikira m'thumba.

Tsiku lachiwiri la kukhoma, ndinamva apongozi akulankhula m'nyumba ndi timawu tawo totsalato, koma mokweza ndithu kuti ndimve.

"Iwe, kawauze bambo a ana akowo kuti ndikadali moyo. Ngati bokosilo ndi langa, asathamange."

Sindinaganizeko n'komwe kuti pakhomo pa wodwala, phokoso la hamala ndi matabwa limanena zina. Madzulo ake bambo wina woyandikana nafe anafika chipewa chili m'manja, nkhope atayikonza kale ya pamaliro. Anabwerera ali wokhumudwa pang'ono, ndikuganiza.

Bokosi linatha patapita masiku anayi. Kunena kuti linali la ngodya zinayi ndiye kulikomera mtima, koma zovala zinkalowa. Chivundikiro ndinachilumikiza ndi zidutswa za teyala lakale. Mawilo anali a kanjinga ka mwana, olowetsedwa pa chitsulo cha pazenera. Mmisiri anati ndiboole chitsulocho kumapeto ndi kulowetsamo msomali kuti wilo lisavuke. Choboolera ndinalibe, ndipo ndinali nditatopa nawo malangizo. Ndinangokulunga mphira, n'kumanga mfundo zitatu.

M'mawa mwake mkazi wanga analongeza, n'kutseka. Tinanyamuka, iye pambuyo mwana ali kumsana, ine patsogolo ndikukankha, mutu uli m'mwamba. Ngolo inkakokera kumanzere ngati munthu wochokera kumowa, ndipo kulira kwake kunatulutsa anthu m'nyumba. Ine ndinkangoti aone, mudzi uno unali usanakhalepo ndi injiniya.

Bwalo la mpira tinaoloka bwino. Pofika pa mjigo pali kamtsetse ndi kangalande ka madzi otayika. Pamenepo wilo la kumanja linaganiza zotsogola lokha. Ndinaliona likugubuduka kulowera kumene kunali ndowa, bokosi n'kupendekeka, chivundikiro n'kuyasama, zonse zija n'kukhuthukira m'matope pamaso pa amayi odzaza mjigo. Fungo linanena zimene ife tinkabisa. Amene ankapopa anasiya, chitsulo chili m'mwamba.

Palibe anasuntha. Mkazi wanga ndiye anayamba kuwerama, dzanja limodzi atagwira pamimba, mano ataluma mlomo.

"Ima," ndinatero. "Usawerame."

"Nanga atole ndani, bambo?"

Ndinatola ine. Chitenje, bulangete, ndi tina tating'ono timene sinditchula ngakhale lero. Ndinadikira kuti mwina manja auma kapena mphezi igwa kopanda mtambo. Sipanachitike kanthu. Zinali nsalu zonyowa za munthu wodwala, basi. Ndipo popeza ndinali nditagwira kale, ndinaona kuti kubwezera m'bokosi kuti mkazi wa bala achape kukhala kupusa kuwiri. Ndinapinda malaya, n'kukhala pa simenti yochapira.

Mayi wina wamkulu, wapampando wa komiti ya mjigo, anandiyandikira manja ali m'chiuno.

"Bambo inu, zimene mukuchitazi n'zachilendo m'mudzi muno."

"Ndikudziwa, amayi."

Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anati, "Nanga sopo amapaka choncho? Mukungomutha. Tasendezani kuno ndikuonetseni."

Mjigo wonse unaphulika ndi phwete, wopopa uja n'kuyambiranso. Wina anandibweretsera wilo langa, ataliika pamutu ngati mtsuko.

Pobwerera ndinakoka bokosi ndi wilo limodzi. Nkhani inali itafika kale, poti iyo siyendera mawilo. Ndikumaliza kuyanika, ndinamva kuitana m'nyumba.

"Bambo!"

Ndinayang'ana mkazi wanga, iye n'kupukusa mutu kuti si ine, ndi inuyo. Ndinapita kukanjuta pakhomo, nkhope nditalozetsa kunja monga mwa masiku onse.

"Lowani," anatero apongozi.

Ndinalowa.

"Ndamva kuti ngolo yanu yandichititsa manyazi pa mjigo."

"Pepani, amayi. Wilo linavuka."

"Ndipo akuti mwachapa nokha?"

"Eya, amayi."

Ine ndinayamba kuwerenga nyerere pansi. Ndinkadikira mawu akuti longedzani, muzipita kwanu.

"Ndiye palibenso chobisa," anatero. "Mwana wanga asagwirenso beseni, mwamva? Muuzeni abweretse madzi akumwa, kapu yodzaza. Inu bwerani mundinyamule. Ndatopa n'kuyang'ana denga, ndikufuna padzuwa."

Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo pafupi. Mkazi wanga anatengera mphuno yawo, zaka zonsezi ine osadziwa. Ndinalowetsa manja pansi pawo, n'kukunga mphamvu ngati ndikunyamula thumba la chimanga, ndipo ndinangotsala pang'ono kuwaponya kudenga. Anali atatha. Ankapepuka ngati mtolo wa fodya wouma.

Potuluka ndinapendekera kuti mutu wawo usagunde felemu la chitseko. Iwo anagwira kolala ya malaya anga ndi dzanja lawo lamoyolo, ndipo sanaisiye mpaka nditawakhazika pansi.