Chifuwa cha Amuna Anga

Khoka lathu linali la mabanja asanu ndi limodzi. Aliyense anaikapo chimene anali nacho: wina ndalama za ku Joni, wina za thonje, ife mbuzi ziwiri. Panalinso mayi wina wamasiye, Mlomwe wa tsidya la dambo, amene anagulitsa mpunga wake wonse kuti alowe nawo. Amuna anga ndiwo ankatsogolera khokalo, poti matemba ankawadziwa ngati abale awo.

Vuto linali pogawana. Olowa m'madzi ankaona zonse, ife otsala pamtunda tinkangouzidwa. Choncho tinapangana kuti nsomba zikafika pa dooko la Kachulu, wotsogolera aziziunjika milu isanu ndi umodzi, ndipo munthu wina azifulatira, kuyang'ana phiri la Zomba. Akafunsidwa kuti, "Uwu ngwa yani?" azitchula mwini wake osauona muluwo. Anasankha ine. Akuti mkazi amene sanavomerepo mawu a mwamuna wake sangayambe lero. Ndinaseka nawo, ngakhale zinandilasa pang'ono.

Chaka china nsomba zinasowa, ndipo msonkho unali utayandikira. M'mawa wina tikupita kudooko, amuna anga anandinong'oneza kuti, "Mayi, mukamva ndatsokomola, mutchule ifeyo."

Ndinkawakonda bambowa, komanso ndinkadziwa kuti wamasiye uja alibe wina womuonera zake kupatula msana wangawu.

Pa mulu wachitatu amuna anga anatsokomola. Koma ine ndinatchula wamasiye. Atafika pa wachinayi anatsokomolanso, mwina poganiza kuti poyamba paja sindinamve, ndipo ndinatchula wina. Ife tinatsala ndi mulu womaliza. Nditatembenuka ndinapeza kuti ndi kamulu komwe anakatapa okha pokuza wachitatu uja. Ulendo wonse wobwerera anayenda patsogolo atakwiya, ine ndikungosenza kadengu kanga kopepuka.

Madzulo ake wamasiye anafika pakhomo ndi chikho cha mankhwala owiritsa, owawa kwabasi. Anagwada mwaulemu n'kunena kuti, "Ndinachimva chifuwa chija kudooko, bambo. Ndati chisakule."

Amuna anga anayang'ana ine, anayang'ana chikho, kenaka anamwa onse mayiyo akuona. Khoka lija tinakhala nalo mpaka linatha ndi kuola, ndipo pa Kachulu sanatsokomolenso, ngakhale m'nyengo yachisanu.