Mwezi Umodzi wa a Namakhwa

A Overtone Namakhwa anabwerera kwawo ku Ndunde mu 1996 ndi kachikwama kamodzi, poti ankati angokhala mwezi basi. Mlongo wawo Bibiana anali chigonere, ndipo mwamuna wake anali atatsogola kale.

Ku yunivesite ina ya kudziko lozizira, a Namakhwa ankafufuza timiyala takuda topangidwa ndi kopa, okosijeni ndi zina. Timiyalati tikazizira kwambiri, magetsi amadutsamo popanda chowatchinga, koma chifukwa chake palibe ankachidziwa bwinobwino. Iwo ankaika kamwala m'kati mwa chimaginito chachikulu ngati mgolo, n'kukawomba ndi mafunde a wailesi, kenako n'kumvetsera mmene mitima ya maatomu a kopa ikuyankhira. Kuyankhako kunkasonyeza mmene timaginito ta m'kamwalamo tayalirana. Anali atatsala pang'ono kumaliza maphunzirowo.

Bibiana anamwalira chimanga chili m'maondo, n'kusiya ana aang'ono. Pa maliro akuluakulu sanazungulire: mwinimbumba tsopano anali iwowo. Amayi awo sanawaletse kubwerera kunja, anangowafunsa kuti anawo awasiyira yani. Mwezi unasanduka chaka, ndipo ntchito ija anaimaliza mnzawo wina kunjako.

Anayamba kuphunzitsa sayansi pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Milepa, yopanda magetsi, yopanda labu. Maginito ophunzitsira anachita kuchotsa m'sipika ya wailesi yakufa. Poyamba ankakonda kufotokozera ophunzira za timiyala tija, koma mmodzi atafunsa ngati zibwere pa mayeso, anasiya. Ankapalasa njinga m'mawa uliwonse, kukhale matope kukhale fumbi, mpaka maondo anayamba kudandaula. Chaka cha njala ya 2002 ankaphunzitsa theka la kalasi, nalonso likuwodzera.

Anakwatira Ellina, mayi wogulitsa masamba pa msika, amene analera ana a malemu ngati ake. Tsiku lina akupalira, Ellina anawafunsa kuti zimene ankachita kunja zija zinatha bwanji.

"Akufufuzabe," anatero a Namakhwa atatsamira mpini wa khasu. "Nditapitako lero, mwina sindingadziwe n'poyatsira pomwe."

Sabata yomweyo ahedi anawaitana mu ofesi. Mphunzitsi wa zaulimi anali atamwalira, ndipo boma silinali kutumiza wina msanga. Anawapempha kuti atengenso makalasi akewo. A Namakhwa anasisita bondo, n'kuvomera, n'kufunsa kumene malemuwo analekezera.