Mandimu Otsekemera Sadikira Munthu

Kutsogolo kwa khonde langa kuli mtengo wa mandimu otsekemera. Ndinagula mbandeyo ngati ya malalanje, koma mbuzi zinadya nsonga yomwe anamezanitsa, ndipo kutsinde kunaphuka mandimu amenewa. Sindinadandaule. Sawawasa ngati mandimu wamba. Ndi madzi ozizira okhala ndi kashuga pang'ono, ndipo amapsa nyengo yosankha fodya, pamene kukhosi kumauma ndi fumbi.

Kadyedwe kake n'kosavuta. Sambani m'manja kaye, chifukwa dzanja logwira fodya limawawitsa chilichonse. Gubuduzani chipatsocho pabondo mpaka chifewe, dulani pakati, yamwani pomwepo. Zoyera za m'kati musatafune. Ena amawaza kamchere. Mkazi wanga amafinyira m'kapu ya madzi a mumtsuko n'kumwa ali chiimire. Wachifuwa amayamba wachikwirira m'phulusa lotentha. Koma lamulo ndi limodzi: mukadula, idyani. Mukasiya kanthawi, madzi ake amawawa ngati kwinini.

Zaka za makuponi zija, feteleza atatsika mtengo, mwana wanga wamwamuna anakolola chimanga chokwanira nayamba kudziona ngati mwini esiteti. Anakuza munda wa fodya, chigafa choyanikamo chinachepa. Malo otalikitsira chigafacho anawapeza pamtengo wanga.

"Bambo, ndikamaliza kudinda mabelo, mtengo uwu ndiudula."

"Unadzala ndiwe?"

"Zipatso zake n'zowawa. Tikusungiranji?"

"Chowawa ndi pakamwa pako."

"Mkazi wanga wandikonzerapo kangapo. Tonse awiri timalavula."

Ananola nkhwangwa, natuta mphanda za chigafa n'kuziunjika patsinde. Ndinatuma mkazi wanga kukafufuza. Mpongozi wathu ndi mtengwa wochokera cha ku Simlemba, mwana woleredwa bwino. Zinapezeka kuti ankathyola mandimu m'mamawa ine ndisanatuluke, n'kuwasenda, kuwadula bwinobwino, kuwavundikira m'mbale, kudikira mwamuna wake abwere kuchigafa masana. Kudyera pamtengo pomwepo sakanatha, poti ine ndikanatha kutulukira pakhonde nthawi iliyonse, ndipo munthu satafuna apongozi akuona.

"Ndiye ulemu wake ndi umene ukuwawitsa mandimu anu," anatero mkazi wanga, akuseka.

Ine sindinaseke. Kumuitana mpongoziyo kuti ndimuphunzitse sikukanatheka. Kwathu kuno bambo sayankhulana maso ndi maso ndi mkazi wa mwana wake. Tikakumana panjira amapatuka, nane ndimayang'ana kumbali. Sindikanaswa mwambo chifukwa cha chipatso, komanso mtengo sindikanaulola kugwa chifukwa cha mwambo.

Ndinatembenuza mpando wanga kuyang'ana kukhoma. Mkazi wanga anakhala pakati pa bwalo. Mpongozi anagwada pansi pa mtengo, mwamuna wake ataima poteropo, manja atapinda.

"Mayi, auzeni athyole chachikasu, chosalala khungu."

"Amva kale. Mawu anuwo afika mpaka kudambo."

"Auzenibe."

Anawauza. Ndinamva nthambi ikugwedezeka.

"Auzeni agubuduze pabondo. Asaope, sichilira."

"Akuti chafewa."

"Adule, ayamwe pompo."

Kenaka manong'onong'o.

"Akuti akuchita manyazi."

"Auzeni kuti kunkhongo ndilibe maso."

Ndinamva mpeni, kenaka kuyamwa kwa munthu amene akuyesetsa kuti asamveke. Khoma ndinaliyang'ana mpaka ndinaona malo ofunika kuzira. Manong'onong'o anabweranso.

"Akuti chiyani?"

"Akufunsa ngati angathyole china."

"Tandipatsa nane ndilawe," anatero mwana wanga.

"Iwe wasamba m'manja?" ndinafunsa, ndisanacheuke.

Anali asanasambe. Amayi ake anamuthirira madzi ngati kamwana, mkazi wake akubisa nkhope m'chitenje. Anadula, anayamwa, anameza. Anadulanso china.

"Sakuipa kwenikweni," anatero.

"Ndiye mphanda zakozo uzichotse patsinde panga."

Anang'ung'udza kuti mbali ya kukhola n'kotsetsereka, kukumba maenje kuvuta. Ndinamuuza kuti khasu lilipo. Pochoka, mpongozi anathokoza motsitsa m'chinenero chakwawo kuti, "Yewo, adada." Ananena akuyang'ana mtengo, ine ndinayankha ndikuyang'ana khoma.

Chigafa chinatalikitsidwa kulowera kukhola, chopendekeka pang'ono, koma fodya amauma. Mtengo ulipo. Vuto langa tsopano ndi lina. Mandimu akapsa, mkazi wanga amandiletsa kutuluka msanga m'mawa, akuti apongozi akudya. Ine mwini mtengo ndimakhala m'nyumba nditavala kale nsapato, kumvetsera nthambi zikugwedezeka, ndipo ndikatuluka otsala amakhala a kunsonga okha.